Kampani ikufuna mpunga wathu wonse: tisayine kapena tidikire?

Nabanda (mlembi): Mwaswera bwanji nonse. Ndalemba pano pagulu la kopaletivi yathu ya alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota chifukwa ambiri simunabwere kumsonkhano wa Lachiwiri, ena munali kumaliro kwa Mphonde, ndipo nkhaniyi si yoti tiimalize anthu a mukomiti tokha. Kunabwera anthu atatu ochokera ku kampani ina ya ku Lilongwe yogula ndi kupakira mpunga. Akufuna tigwirizane nawo kwa zaka zitatu. Iwo azitipatsa mbewu ya Kilombero yovomerezeka, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa pangongole, komanso mlangizi wawo woyendera minda. Ife tiziwagulitsa mpunga wathu wonse wosapuntha. Akadula ngongole, yotsalayo azitumiza pafoni pasanathe masiku 30. Anenanso kuti chaka chachiwiri adzatimangira shedi ndi poyanikira pa simenti, ndipo adzakumba mjigo pasukulu. Pepala lake ndi la masamba 6, lonse m'Chingerezi. Akuti tisayine pofika Lachisanu la sabata ya mawa kuti mbewu ifike nthawi ya nazale isanadutse. Lankhulani, abale. Ine ndekha mtima uli pawiri.

Mnyamata wa pa Benga: Mayi mlembi, ine ndiye ndikuti tisayine. Chaka chatha ndinawokera popanda ngakhale kapu ya feteleza, mpunga unachita chikasu ndikuuona. Januwale atafika ndinakatenga katapila, thumba limodzi kubweza awiri pokolola. Ngongole ya kampani ingapweteke bwanji kuposa imeneyo? Mwayi ukabwera tisamauthamangitse ndi mafunso.

Mayi a Shakira: Mtengo anena kuti azigula pa zingati?

Nabanda (mlembi): Sanatchule nambala. Anangoti mtengo wabwino woposa wa mavenda.

Mayi a Shakira: Ndiye poyambira ndi pomwepo. Wa pa Benga, mwana wanga, funso si kuthamangitsa mlendo. Safunsa anadya phula.

Aphunzitsi: Mayi Nabanda, jambulani masamba onse munditumizire kumbali. Ndikaweruka ndiwerenga mofatsa ndipo ndimasulira pano ndime ndi ndime.

Gogo Mwale: Ana anga, ndalankhula mdzukulu ndiye akundilembera. Ine ndisanabwere kuno kwa agogo anu aakazi ndinalima thonje ku Salima, mbali ya ku Chitala, zaka zambiri. Nthawi ya Kamuzu zinthu zinali zosavuta kumva. ADMARC, imene inayamba mu 1971, inali ndi msika pafupi ndi aliyense, mtengo timaumva pawailesi tisanakolole. Unali wochepa, koma timaudziwa. Pambuyo pake kunabwera makampani ogula thonje, aliyense ndi mbewu yake ndi mankhwala ake pangongole.

Kampani imene ine ndinalowa inatiika m'magulu a anthu khumi. Mankhwala anabwera nthawi yake, ndisaname, ndipo chaka chimenecho mbozi zikanatimaliza pakanapanda iwo. Thonje linachita bwino, munda unayera mbee. Tsiku la msika ndinalawira ndi ngolo yobwereka. Kalaliki anapachika sikelo yake pamtengo wa masawu, muvi wake ukuyang'ana kwa iye, ife tili kumbuyo. Akaika dzanja m'thumba n'kutulutsa thonje lodzaza chikhatho, n'kunena kuti ili ndi giredi yachiwiri. Thonje limene mkazi wanga anakhala masiku atatu pamkeka akulisankha, kuchotsa tizitsotso ndi zala. Wotsutsa panalibe, chifukwa wodziwa giredi anali iye yemweyo, wogula iye yemweyo. Kenako anatsegula buku n'kutiuza kuti anzathu awiri a m'gulu anagulitsa kwina usiku, ndiye ngongole yawo tiigawane asanu ndi atatu otsalafe. Zimenezo zinalembedwa papepala limene tinadinda chala, koma palibe anatiwerengera. Ndinabwerera ndi lisiti, sopo ndi mchere.

Sindikunena kuti kampani ndi mdani. Popanda wogula, mlimi ndi kapolo wa nkhokwe yake. Ndikunena kuti mufunse zinthu zitatu musanadinde chala: sikelo ndi ya yani, woweruza ubwino wa mpunga ndi ndani, ndipo mnzako akathawa ngongole amalipira ndi ndani.

Nangondo: Zikomo agogo. Mwalankhula zimene bambo anga ankanena za fodya.

Bambo a Tiyamike: Ndapereka ulemu kwa agogo, zonse anenazo zimachitika. Koma mundilole ndiime mbali inayo pang'ono, poti inenso ndine mwana wa mudzi uno ndipo mayi anga ali mukopaletivi yomweyi. Ndagwira ntchito zaka zinayi ngati woyendera alimi ku kampani yogula soya ndi mtedza, ndinkazungulira Mwansambo panjinga yamoto. Chimene chimapha migwirizano imeneyi si kampani yokha ayi. Ndi ifenso.

Ndikupatseni chitsanzo. Mlimi wina ndinamupatsa mbewu, ndinamuyendera kasanu, munda wake unali woti ndinkabweretsa anthu kudzaphunzirirapo. Tinawerengera limodzi kuti apeza matumba osachepera 18. Tsiku lotenga katundu ndinafika ndi lole, iye n'kunditulutsira matumba anayi, akuti mvula inavuta. Pabwalo pake panali mikwasa ya matayala a ngolo yatsopanotsopano, yolowera kumsewu. Ndinangoyang'ana pansi, iyenso anayang'ana pansi. Venda anali atadutsa mbandakucha n'kuonjezera pang'ono pa kilo. Vendayo sanapereke mbewu, sanawotche petulo kudzaona munda, ndiye n'chifukwa chake amatha kuonjezera. Kampani ndalama zogulira mbewu ndi feteleza imakatenga kubanki pa chiwongoladzanja, ndipo ili ndi amene inawalonjeza katundu. Alimi theka akagulitsa kumbali, chaka chinacho imatseka n'kupita boma lina. Lamulo loti gulu lilipire ngongole ya wothawa linabadwa chifukwa cha zimenezi. Ndi lowawa, koma silinagwe kumwamba.

Ndiye tikamafunsa ngati kampani ndi yokhulupirika, tidzifunsenso ngati Juni akafika ife tidzaima pa mawu athu.

Mayi a Shakira: Bambo a Tiyamike, zoona mwanena, ndipo ine ndivomera pagulu pano kuti ndinagulitsapo kumbali. Koma mudziwe chifukwa chake. Shakira anadwala malungo aakulu mpunga uli pabwalo. Wogula amene tinapangana naye anati ndalama zibwera pakatha milungu itatu. Venda anali pakhomo ndi ndalama m'manja ndi ndowa yake yokhomedwa pansi ija, yonyamula zoposa muyeso. Ndinkadziwa kuti akundibera. Ndinamupatsa matumba awiri, ndinakwera kabaza kupita kuchipatala. Mukanakhala inu mukanadikira milungu itatu? Masiku 30 akulembawo ndi aafupi kwa munthu wolandira malipiro pamwezi. Kwa ife amene tadikira kuyambira Disembala mpaka Juni ndi aatali kwambiri. Ngati akufuna tisagulitse kumbali, atipatse theka la ndalama tsiku lomwelo la sikelo. Venda sadzapezanso polowera.

Bambo a Tiyamike: Pamenepo sinditsutsa, mayi. Kumene tinkalipira pompopompo, kugulitsa kumbali kunkachepa kwambiri. Ndinaziona ndekha.

Yusufu wa ku Joni: Moni kumudzi. Ine ndili kutali koma munda wa mayi ndimalipira aganyu ndine. Langa ndi limodzi: zaka zitatu n'zambiri pa ndalama yathuyi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene akanasayina mtengo wokhazikika chaka cha 2021 akanalira. Ndiye musakakamire kuti alembe nambala imodzi ya zaka zonse zitatu, imeneyonso ndi msampha. Mtengo uzikambidwa chaka ndi chaka.

Aphunzitsi: Ndawerenga kawiri. Ndiyambe ndi zabwino, poti zilipo. Mbewu akulonjeza ndi yovomerezeka ndipo alemba kuti ikapanda kumera bwino adzabweza ina. Mayendedwe a katundu kuchoka pashedi ndi awo. Matumba ndi awonso. Pa malo palibe chimene alemba, sakufuna munda ngati chikole, ndipo pamenepo mtima ukhale pansi.

Tsopano zondidetsa nkhawa. Ndime 7 ikuti adzagula pa mtengo umene udzakhale pamsika tsiku logula. Sakunena msika uti, wa pa boma ku Nkhotakota kapena wa ku Lilongwe, ndiponso sakunena amene adzanene kuti mtengo wa lero ndi uwu. Tonse tikudziwa kuti mu Juni, aliyense akamamweta, mtengo wa pamsika ndi umene mavenda apangana. Ndiye mawu aja oti "woposa wa mavenda" papepala palibe.

Ndime 4 ikuti mtengo wa feteleza wa ngongole udzawerengedwa pa nthawi yobweza, osati pa nthawi yolandira. A Yusufu, apa ndi pamene mfundo yanu ikuluma. Mutenga thumba mu Disembala, kwacha ikagwa mu Epulo mudzabweza pa mtengo watsopano.

Ndime 9 ikuti mpunga ukhale wouma kufika pa 14 peresenti ya chinyezi, ukapitirira adzadula makilo. Muyeso umenewo ndi woyenera, mpunga wonyowa umachita nkhungu ndipo supunthika bwino. Koma kachipangizo koyezera ndi kawo, woyeza ndi wawo. Ndime 11 ndi ija ya agogo Mwale, ngongole ya mmodzi ndi ya gulu lonse. Za madzi osefukira kapena chilala palibe liwu ndi limodzi lomwe.

Chomaliza. Shedi, poyanikira ndi mjigo ndazifunafuna masamba onse asanu ndi limodzi. Mulibe.

Nabanda (mlembi): Mulibe? Koma ndi zimene anayamba nazo kulankhula, mpaka amayi anaombera m'manja.

Aphunzitsi: Mulibe, mayi. Mwina ali nazo mumtima, sindikuwaweruza. Koma bwana amene analonjezayo akhoza kusamutsidwa chaka chamawa, wobwerayo adzawerenga pepala.

Mnyamata wa pa Benga: Ndamva aphunzitsi. Komabe tikachulutsa zofuna apita kwa ena. Ku Lifuwu nakonso amalima mpunga, ku Karonga ndiye kuchimake kwa Kilombero. Ife tidzatsala ndi nzeru zathu ndi katapila wathu.

Achemwali a ku Mchesi: Mlongo wanga wa pa Benga, usadzichepetse chotero. Ine ndimagulitsa mpunga kuno ku Lilongwe chaka cha chisanu ndi chiwiri tsopano. Munthu akafika pabenchi amatapa pang'ono, kununkhiza, kuluma kambewu kamodzi, kenako amafunsa kuti ndi wa kuti. Ndikati wa ku Nkhotakota sanenereranso kwambiri. Kampaniyo sinabwere kudzatichitira chifundo, yabwera chifukwa ikufuna chimene tili nacho, ndipo ife tili pafupi ndi Lilongwe kuposa Karonga. Msewu wa M5 kudzera ku Salima lole imafika tsiku lomwelo.

Chimene chikundivuta ine ndi liwu loti wonse. Mpunga wonse, wosapuntha. Abale, phindu la mpunga lili pachigayo. Thumba la makilo 50 losapuntha limatulutsa makilo 30 kapena kuposerapo pang'ono a mpunga woyera, ukauma bwino. Wosweka umagulitsidwa pawokha, amayi ophika phala ndi a zitumbuwa amaufuna. Madeya oweta nkhumba ndi nkhuku amachita kulimbirana. Ngakhale mankhusu ali ndi ntchito m'makola a nkhuku. Tikapereka wosapuntha zonsezi tapereka ulere. Ndiponso mpunga umene mumagulitsa mu Juni ndi womwewo umene ine ndimagulitsa mu Januwale mtengo utakwera kwambiri. Amene amadya kusiyanako ndi amene ali ndi posunga ndi mtima wodikira.

Koma ndinene chabwino chimodzi chachikulu pa zimene abweretsa, ndicho mbewu. Kilombero wathu wasakanikirana. Mbewu timangopatsana chaka ndi chaka, muli Faya, muli Pusa, mwina ndi tina tofiira. Pachigayo wina amasweka wina ayi, pophika wina wapsa wina akadali wolimba, fungo lija likuchepa. Makasitomala anga awiri a malo odyera anandisiya chifukwa cha zimenezi. Mbewu yoyera yokhayo ndi chifukwa chokwanira choti tisawathamangitse anthuwa. Tigwirizane nawo pa gawo la zokolola, mwina theka, lina tisunge tokha.

Bambo a Tiyamike: Theka akhoza kukana, achemwali. Njira imene ndinaona ikuyenda ndi yolemba matumba pa ekala. Mwachitsanzo, aliyense wolandira zipangizo za ekala imodzi apereke matumba akutiakuti, okwanira ngongole ndi phindu la kampani. Opitirira pamenepo ndi ake, agulitse kumene akufuna. Zikatero palibenso wozemba usiku, chifukwa palibe chobisa.

Wa ku Dwangwa: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ife kuno ulimi wa mgwirizano ndi moyo wathu, fakitale ya shuga inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo alimi ang'onoang'ono a nzimbe anayamba nthawi yomweyo. Illovo inatenga fakitaleyi mu 1997. Aliyense wodutsa pa Dwangwa amaona kuti tauniyi inakula ndi nzimbe. Nyumba yanga ya malata ndi sukulu ya ana anga zachokera mmenemo.

Koma mumvetse kusiyana kwa nzimbe ndi mpunga, chifukwa ndi pamene pali mphamvu yanu. Nzimbe ukaotcha ndi kudula iyenera kufika kufakitale msangamsanga, ikachedwa shuga amatsika, ndipo malipiro amatengera shuga amene ali mu nzimbeyo, osati kulemera kokha. Sungaisunge m'nyumba, sungaphikire ana, sungakweze pakabaza kukagulitsa pamsika matani onsewo. Ndiye mlimi wa nzimbe ndi fakitale ndi ukwati wosatha, aliyense amafuna mnzake. Inu mpunga mukhoza kuusunga miyezi, mukhoza kudya, ogula ndi ambiri. Musalowe mgwirizano ngati anthu opanda kolowera.

Chimene ndaphunzira pa zaka zonsezi n'chakuti mlimi aphunzire kuwerenga sitetimenti yake. Mtengo wa pamwamba umasangalatsa, koma ndalama yako ili pamzere wotsiriza, atachotsa kudula, kunyamula, feteleza, madzi ndi za bungwe. Uzani kampaniyo ikupatseni chitsanzo cha pepala la malipiro la mlimi wa ekala imodzi, lodzazidwa manambala, musanasayine. Mudzaona nokha ngati mukutsala ndi kanthu.

Za madzi osefukira musazisiye. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, anthu zikwizikwi kwa Kanyenda anathawira m'misasa. Ndinaona minda itakwiriridwa ndi mchenga, munthu osazindikira malire a munda wake. Bua nayenso mukumudziwa akakwiya. Chaka chotero ngongole ya feteleza amene wapita kunyanja alipire ndani? Zilembedwe. Kaya agawane pakati, kaya isunthidwe chaka china popanda chiwongoladzanja, koma zilembedwe.

Nangondo: Ine ndili ndi funso limene palibe walifunsa. Pa fomu yolembetsa ija anatisiyira alemba kuti dzina la mutu wa banja ndi nambala ya foni yake. Aphunzitsi, ndanama?

Aphunzitsi: Simunaname, zili choncho.

Nangondo: Ndiye tamvani. Munda umene ndimalima ku dambo ndi wa mayi anga, iwonso anaulandira kwa mayi awo. Bambo a kunyumba anabwera kudzakhala kwathu, monga mwa mwambo wathu, ndipo timalemekezana. Koma wofesa nazale ndine. Wowokera ndine, kuwerama m'madzi kuyambira dzuwa lisanatuluke, misundu ikundiyamwa m'miyendo mpaka ndimayenda ndi mchere pakansalu. Mpunga ukayamba kucha woingitsa mbalame ndine ndi ana. Pomweta ndi pomenya timathandizana, pamenepo ndisawanamizire abambo. Tsopano ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi ikalowe mu foni imene ine sindidziwa nambala yake yachinsinsi?

Kale venda akabwera ndinkaona ndi maso matumba akutuluka ndi ndalama ikulowa. Ya pafoni ilibe phokoso. Mnzanga wina, sinditchula dzina, anamva kwa anthu kuti ndalama za mtedza zinalowa kalekale, bambo ali ku Salima sabata yachiwiri. Si abambo onse, ambiri pagulu pano ndi osamala mabanja awo. Koma pepala lisapangitse mayi kukhala waganyu m'munda wa mayi ake. Alembe dzina la amene ali membala wa kopaletivi, ndipo mamembala ambiri ndife amayi. Amene alibe foni, Airtel Money kapena Mpamba atsegulitse yakeyake, kapena alandire pamanja pamaso pa komiti.

Mayi a Shakira: Nangondo, mwatilankhulira tonse.

Gogo Mwale: Mwana ameneyu wanena zoona. Thonje lija ndinakuuzani, amene analisankha ndi agogo anu aakazi, koma lisiti linali m'dzina langa. Nthawi imeneyo sindinaone cholakwika. Lero ndikuchiona.

Yusufu wa ku Joni: Ine ndikuvomereza. Ya mayi anga ilowe kwa mayi anga.

Mlangizi wopuma: Pepani ndachedwa, netiweki kuno ndi ya pachulu. Ndionjezere zochepa zimene zingakuthandizeni pokambirana. Choyamba, unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo mpunga wosapuntha umakhalapo. Ndime 7 ikonzedwe kuti mtengo sudzatsika pansi pa umenewo, ndipo msika ukakwera kuposa pamenepo adzatsata msika n'kuonjezera kangachepe chifukwa cha mbewu yoyera. Mtengo wa msika muziuona limodzi, awiri a komiti ndi mmodzi wa kampani, sabata yogula isanayambe. Chachiwiri, sikelo yogulira malonda imayenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Muli ndi ufulu woona chidindocho. Koposa apo, kopaletivi igule sikelo yakeyake ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Ndalama za banki m'khonde ya miyezi iwiri zikhoza kukwana. Thumba liyezedwe kawiri, muvi ukuyang'ana kwa mwini mpunga.

Kopaletivi yanu inalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998. Pa lamulo limenelo mwini mphamvu ndi msonkhano wa mamembala onse, aliyense voti imodzi. Komiti isasayine chinthu chomanga anthu zaka zitatu popanda msonkhano umenewo, ngakhale Lachisanu lidutse.

Za mjigo ndikufuna ndinenepo pang'ono, chifukwa zimandikhudza. Ku Chikwawa alimi a nzimbe a Kasinthula analowa mu dongosolo la malonda achilungamo lotchedwa Fairtrade kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Pa dongosolo limenelo pa tani iliyonse ya shuga pamabwera ndalama yapadera, madola 60, yopita ku chitukuko, ndipo amene amasankha chochita nayo ndi alimi eni ake. Anakumba mijigo, anakokera magetsi m'midzi. Kusiyana kwake ndi mjigo wa mphatso n'kwakuti ndalamayo ndi gawo la malonda, imabwera chifukwa mwagulitsa, simuchita kupempha kapena kuvina pofika alendo. Inunso mukhoza kunena kuti pa kilo iliyonse kangachepe kazipita ku thumba la kopaletivi. Shedi mudzamanga nokha, pamalo anu, makiyi ali kwa inu. Shedi yomangidwa ndi kampani, mgwirizano ukatha mudzakangana kuti ndi ya yani.

Nachisale wa ku Salima: Kwathu kuno tinaona ndi mango. Kale ankangowolera pansi pa mitengo, ng'ombe n'kumadya, ana n'kumagulitsa beseni lonse pa ndalama ya sopo m'mbali mwa msewu. Itabwera kampani yogula mango ya Malawi Mangoes anthu anaphunzira kudula mitengo yakale n'kumezanitsa mitundu imene fakitale imafuna. Luso limenelo latsala m'manja mwa anthu, mnyamata wa mlongo wanga amamezanitsira anthu mitengo n'kumalipidwa. Ndiye mlangizi akulonjezayo musamuone ngati chokongoletsa. Funsani kuti azibwera kangati, ndipo aphunzitse achinyamata anu kuchulukitsa mbewu yoyera. Kampani ikadzapita, mbewu idzatsale.

Mnyamata wa pa Benga: Chabwino akuluakulu, ndagonja pa zambiri. Koma nthawi ikutha. Mvula ikagwa sabata ya mawa ine nazale ndifesa ndi mbewu yomwe ndili nayo, sindingadikire misonkhano. Ndipo ngati zonsezi zilephereka, Januwale ndibwerera kwa wakatapila yemwe uja. Amene muli ndi ana ku Joni ndi mabenchi ku Lilongwe mukhoza kudikira. Ena sitingathe.

Achemwali a ku Mchesi: Wandilasa mtima, mlongo wanga, ndipo sunalakwe. Tikakana kampani tiyenera kukhala ndi yankho la anthu ngati iwe. Ine ndikhoza kutenga matumba 40 opuntha mu Julaye pa mtengo wa kuno kuchotsa thiransipoti, ndipo theka ndipereka pasadakhale. Sizikwanira onse koma ndi poyambira.

Bambo a Tiyamike: Tisafike pokana. Anthu awa ndimawadziwa mtundu wawo, pepala loyamba amalemba loya wawo kuti liteteze iwo, amayembekezera kuti mubweza mawu. Gulu limene limabweza mawu mwadongosolo amalilemekeza, chifukwa amadziwa kuti ndi lomwelo lidzasunge pangano. Mayi Nabanda, aimbireni mawa m'mawa. Muwauze kuti tikufuna, koma chaka chimodzi choyamba choyeserera, ndi amene afuna okha.

Nabanda (mlembi): Mwadzuka bwanji. Ndaimba, tinalankhula pafupifupi ola lathunthu, apampando ali pambali panga. Zimene avomera: pepala alimasulira m'Chichewa, dzina likhala la membala osati mutu wa banja, sikelo yathu iloledwa kuima pambali pa yawo, ndipo chaka chimodzi choyeserera achilandira. Mtengo wa feteleza akuti aulemba tsiku lolandira, koma aonjezerapo chiwongoladzanja chimene atiuze Loweruka. Za matumba pa ekala m'malo mwa mpunga wonse akuti n'zotheka, tikambirane nambala.

Zimene akana: ngongole ya gulu sachotsa, akuti akhoza kungochepetsa gulu kukhala la anthu asanu osankhana okha. Theka la ndalama tsiku la sikelo akuti n'kovuta kuyenda ndi ndalama zambiri pamsewu, koma masiku 30 akhoza kutsika kufika 7. Za madzi osefukira mayi amene ndinalankhula nawo anati alibe mphamvu, akafunsa akuluakulu awo. Za shedi anakhala chete pang'ono, kenako anati zimenezo zimadalira mmene chaka choyamba chiyendere.

Lachisanu lija alichotsa. Abwera Loweruka 9 koloko, tikumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndipo a kumzikiti ndawauza kale kudzera kwa a Shehe. Aliyense abwere ndi khadi lake la umembala. Aphunzitsi, mudzawerenge ndinu mokweza. Agogo Mwale tidzawatumizira kabaza.

Mayi a Shakira: Masiku 7 ndikhoza kupirira ngati banki m'khonde ingatsegule thumba la zadzidzidzi mwezi wokolola. Tidzaikepo pa zokambirana.

Wa ku Dwangwa: Za madzi osefukira musasayine asanayankhe. Ndibwera ndi sitetimenti yanga yakale kuti anthu aone mmene mzere wotsiriza umaonekera.

Mnyamata wa pa Benga: Mayi mlembi, afunseni ngati mbewu ingabwere Loweruka lomwelo pagalimoto yawo, kuti tikagwirizana tisadikirenso. Kumwera kwayamba kale kuchita mdima, ndipo malo anga a nazale ndagalauza dzulo.

Nabanda (mlembi): Ndiwaimbiranso masana ano.